Anawatenga ku Donnington, lero ndi tsiku lachisanu

Akonzi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Sizinda kuno ku Bulawayo. Bambo a kunyumba amawotcherera zitsulo pa kagalaja kena ku Donnington. Lachinayi lapitali cha m'ma 10 koloko m'mawa kunafika galimoto ya anthu ofunsa zitupa, ena a yunifolomu, ena ovala wamba, n'kutenga anthu angapo. Mwa otengedwawo muli bambowo ndiponso mwana wa msuweni wawo, mnyamata amene anabwera kuchokera ku Ntcheu chaka chatha, amene masiku ake pa pasipoti anatha kalekale. Bambowo anabadwira konkuno mu 1974, ku Malawi sanapondeko n'kamodzi komwe. Bambo awo malemu ndiwo anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Chitupa chawo ndi chakale chija chonena kuti ndi mlendo, sanakasinthe. Ndawaona kamodzi kokha kwa mphindi zochepa, akuti akuuzidwa kuti akangosaina pepala lina zinthu zifulumira. Kukhoti sanapiteko. Munthu wina wandiuza kuti ndikapeza madola 300 awatulutsa pa belo usiku womwewo. Apongozi akuti tingokhala chete, tisapute mavu pachisa. Lero ndi Lolemba. Kodi angawatumize ku Malawi kumene sakudziwako munthu? Ndiyambire pati?

Mayi wothedwa nzeru, Sizinda

Mayi,

Uthenga wanu ndinauyankha mwachidule pa WhatsApp usiku womwewo, koma ndati ndiuikenso pano, chifukwa ku Sizinda, ku Matshobana, ku Makokoba ndi ku Njube anthu osunga chitupa ngati cha amuna anu alipo ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo amaganiza ngati apongozi anu.

Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Ngati zinthu zili monga mwalemberamu, amuna anu ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anasindikizidwa pa 22 May 2013, akunena pa gawo 43 kuti munthu aliyense wobadwira muno lisanafike tsikulo, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iyeyo ankakhala muno pa tsikulo, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi ali mu SADC. Amuna anu anabadwa mu 1974, ndipo mu 2013 munali nawo pompo ku Sizinda. Tsono gawo 66 likuti nzika siingachotsedwe m'dziko muno. Chilembo cha pa chitupa chija sichiposa malamulo aakulu. Chitupa ndi umboni chabe, ndipo umboni wawowo ndi wachikale.

Musadzitukwane kuti munazengereza kukasintha. Chitupa chimenecho chili ndi mbiri yake. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, n'kunena kuti amene ali ndi unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dziko linalo pasanathe miyezi 6, apo ayi wataya wa Zimbabwe. Ofesi yolembetsa anthu inalitambasula lamuloli mpaka kukhudza ana obadwira konkuno, kuwauza kuti akakane unzika wa Malawi, Zambia kapena Mozambique umene sanaugwirepo m'manja. Ana a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito kudzera mwa Mthandizi ndi Ulere, amene makolo awo anayala njanji, anakumba migodi, n'kudzaza mafakitale a ku Belmont ndi ku Donnington, anadzuka m'mawa wina ali alendo kwawo komwe. Pachisankho cha 2002 ambiri anabwezedwa osavota. Kuyambira pamenepo anthu athu anaphunzira kuyenda m'mbali mwa khoma: ofesi ya boma osayandikira, dzina osalitchula mokweza, akakutcha Mubhurandaya kapena iNyasa, kungoseka n'kupitirira. Mu 2017 khoti lalikulu ku Harare linachita kulamula kuti eni zitupa zimenezi aloledwe kulembetsa m'kaundula wa ovota akasonyeza chikalata cha kubadwa. Koma mantha sachoka ndi chigamulo cha khoti.

Tsono mverani ichi, ndipo mukawaonanso bambowo muwauze musanawapatse n'chakudya chomwe: asasaine pepala lililonse loya asanaliwerenge. Pepala lofulumizitsa zinthu likhoza kukhala lovomera mlandu, likhozanso kukhala lovomera kuti munthuwe ndiwe mlendo wosaloledwa kukhala muno. Munthu amene wagona pasimenti masiku anayi, lamba ndi zingwe za nsapato atalandidwa, amasaina chilichonse chimene chikununkhira kunja. Akasaina, mlandu umene unali wowongoka umasanduka wokakoka kukhoti miyezi. Ali ndi ufulu wokhala chete. Alinso ndi ufulu womva zonse m'chiyankhulo chimene akumva. Mwina anthu ambiri sadziwa kuti Chichewa chili m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo aakulu a Zimbabwe, pa gawo 6. Amuna anu Chindebele amachithyola ngati mwini, koma mnyamata wa ku Ntcheuyo apemphe womasulira, asamangogwedeza mutu poopa kuoneka mbuli.

Funso limene muyenera kulifunsa poyamba pakauntala ndi ili: anthuwa ali m'manja mwa yani, apolisi pa mlandu, kapena a imigireshoni? Chitokosi chikhoza kukhala chimodzi chomwecho, koma njira zake ndi ziwiri.

Ngati akuwasunga pa mlandu, gawo 50 ndi lomveka bwino kuposa malamulo ambiri amene ndinawawerengapo. Womangidwa auzidwe chifukwa chake nthawi yomweyo. Aloledwe kulankhula ndi mkazi wake, mbale wake kapena loya mosachedwa, ndipo foniyo alipire ndi boma. Afike pamaso pa khoti pasanathe maola 48, ndipo olemba lamulolo, podziwa chizolowezi chomanga munthu Lachinayi kapena Lachisanu kuti agone mkati mpaka Lolemba, anawonjezera kuti maolawo amawerengedwa ngakhale atathera pa Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi. Akapitirira osafika kukhoti, atulutsidwe pompo, pokhapokha ngati khoti linawonjezera kale nthawiyo. Mwa chiwerengero chanu, maola 48 anatha Loweruka m'mawa.

Ngati ali m'manja mwa a imigireshoni, pamenepo mpamene pali poterera. Lamulo la olowa ndi otuluka m'dziko limalola wogwira ntchito wa nthambiyi kusunga munthu amene akumukayikira mpaka masiku 14 pamene akufufuza kuti ndi yani ndipo ndi wa dziko liti. Anthu ambiri amasochera m'masiku amenewa, chifukwa wapakauntala amangoti "si athu awa, ndi a imigireshoni", achibale n'kubwerera kunyumba kukadikira. Koma kumanja kulikonse kumene ali, gawo 50 lomwe lija likuti munthu aliyense wosungidwa, kaya nzika kaya mlendo, ali ndi ufulu woonana ndi loya, wochezeredwa ndi mkazi wake, mbale kapena mbusa wake, ndi wotsutsa kusungidwa kwakeko pamaso pa khoti. Ndipo kufufuza kuti amuna anu ndi yani sikufuna masiku 14 ngati inu mwafika ndi mapepala tsiku loyamba.

Choncho tsegulani sutikesi ya apongozi ija, yokhala pansi pa bedi. Chikalata cha kubadwa ndicho mfumu ya mapepala onse, makamaka chachitali chija chokhala ndi mayina a makolo. Ngati chinasowa, sonkhanitsani zotsala: khadi la kuchipatala kumene anabadwira, khadi la ubatizo la ku CCAP kapena ku Katolika, malipoti a kusukulu, mapepala a penshoni ya njanji a malemu apongozi aamuna, zikalata za kubadwa za ana anu, mabilu a madzi a nyumba yanu, buku la sosaite ya maliro losonyeza kuti akhala akusonkha chaka ndi chaka. Izi zikusonyeza zinthu ziwiri zimene gawo 43 likufuna: kuti anabadwira muno kwa kholo la ku Malawi, ndiponso kuti mu 2013 anali muno. Kajambulitseni chilichonse kawiri. Zenizenizo muzingozionetsa zili m'manja mwanu. Zosiya pakauntala zikhale zojambulitsa.

Za munthu wa madola 300 uja, ndikuuzeni mosapsatira: ameneyo si wa belo, ndi wakuba, kapena ndi mthenga wa wakuba. Belo siiperekedwa usiku kuseri kwa galimoto. Ndi ndalama ya chikole imene khoti limatchula poyera, imalipiridwa kwa kalaliki wa khoti, mumalandira lisiti, ndipo mlandu ukatha munthu atapezeka kukhoti masiku onse, ndalamayo imabwerera kwa mwini wake. Pa milandu ing'onoing'ono mkulu wa polisi angathenso kupereka belo pomwepo, koma nayonso imakhala ndi lisiti ndi tsiku lokaonekera kukhoti. Wopanda lisitiyo akadya ndalama yanu mukamusumira kuti? Choipa kwambiri n'chakuti ngakhale atawatulutsadi, dzina lawo limatsala m'buku ngati la munthu wothawa, ndipo inu mwalowa mlandu wa ziphuphu umene munalibe.

Belo yeniyeni si chifundo cha woweruza. Lamulo likuti womangidwa atulutsidwe podikira mlandu pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zomusungira. Zimene woweruza amayang'ana n'zodziwika: kodi athawa, kodi akasokoneza mboni, kodi akapalamulanso. Apa mpamene chitupa cha mlendo chimapwetekera, chifukwa woimira boma amangoimirira n'kunena kuti munthuyu ndi wakunja, adutsa malire a pa Plumtree usiku womwe uno. Yankho lake ndi inuyo, mutakhala pa benchi ya kumbuyo m'khoti la ku Tredgold kapena la ku Western Commonage ndi ana anu atatu, bilu ya nyumba m'manja, kalata ya bwana wa pagalaja yonena zaka zimene agwirapo ntchito, ndi mkulu wa mpingo wokonzeka kuwaimira. Majisitireti akakana, nkhani imakwera ku khoti lalikulu la konkuno ku Bulawayo. Kale kunali kachigawo koipa, 121(3) ka lamulo la kayendetsedwe ka milandu, kamene kankalola woimira boma kungonena kuti achita apilo, munthu wopatsidwa belo n'kubwerera m'ndende masiku 7. Khoti la malamulo aakulu linakathetsa mu 2015.

Nkhani ya mnyamatayo ndi ina, ndipo sindikunamizani. Masiku a pa pasipoti akatha munthu ali muno, walakwira lamulo, ndipo mwina ankagwiranso ntchito wopanda chilolezo. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi chindapusa kapena chilango kukhoti, kenako kubwezedwa kwawo. Chimene muyenera kumenyera si kuti atsale, koma kuti asaiwalike. Alendo odikira kubwezedwa amatha miyezi m'ndende za rimandi, osati chifukwa cha mlandu, koma chifukwa palibe wolipira ulendo kapena palibe chikalata choyendera. Pangano la ku Vienna la 1963 limapatsa mlendo womangidwa ufulu woti kazembe wa dziko lake adziwitsidwe ngati iye wapempha. Apemphe. Inunso imbirani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare, mupereke dzina lake, mudzi, mfumu, nambala ya pasipoti ndi kumene akusungidwa. Achibale a ku Ntcheu ayambe kusonkha ya basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete mpaka pa Mwanza. Ndipo onetsetsani kuti mafailo awiriwa asaphatikizidwe. Ngozi yaikulu kwa amuna anu ndi kulembedwa pa mndandanda umodzi ndi mnyamatayo pansi pa mutu umodzi wakuti "a ku Malawi".

Tsono za apongozi anu. Sindikuwaseka ayi. Mayi amene wakhala mu Bulawayo kuyambira nthawi ya atsamunda anaona ndi maso ake kuti lamulo likhoza kunena china, galimoto ya boma n'kuchita china. Ndende ya Khami ija, kunja kwa mzinda cha kumadzulo, imatidziwa a ku Malawi kuyambira kale. Pa 26 February 1959 boma la Southern Rhodesia linalengeza nyengo ya chipwirikiti n'kumanga anthu pafupifupi 500 popanda mlandu. Pa 3 March zomwezo zinachitika ku Nyasaland. Kamuzu Banda anamutengera ku Gwelo, kumene lero timati Gweru, ndipo ena ambiri a chipani cha Congress anawabweretsa ku Khami. M'gulu la otsekeredwa ku Khami munali mnyamata wa zaka 19, Aleke Banda, wobadwira ku Livingstone, wokulira pa mgodi cha ku Que Que, wophunzira ku Inyati. Atamutulutsa anamuthamangitsira ku Nyasaland, dziko la bambo ake limene iye sanakuliremo. Ndiye mantha anu oti munthu angatumizidwe kumudzi kumene sakudziwa njira ya kuchitsime si maloto. Zinachitikapo mumzinda uno. Chomvetsa chisoni n'chakuti Aleke yemweyo, atathandiza kuyambitsa Malawi Congress Party, anadzatsekeredwanso ndi boma la Kamuzu zaka 12, kuyambira 1980 mpaka 1992, osaonekera kukhoti n'kamodzi komwe. Matenda amenewa alibe mtundu.

Ngakhale ufulu utabwera, anthu a kuno anaona Dumiso Dabengwa ndi Lookout Masuku akumasulidwa ndi khoti pa mlandu woukira boma mu 1983, n'kutengedwanso asanalawe mphepo ya kunja, pansi pa malamulo a nyengo ya chipwirikiti amene Ian Smith anasiya ndipo anakhalapo mpaka 1990. Masuku anatuluka mu 1986 ali wodwala kale, n'kumwalira mu April chaka chomwecho. Dabengwa anatuluka mu December. Mu May 2003 mtolankhani Andrew Meldrum, amene anakhala muno zaka 23, anakwezedwa ndege ya ku London pamene loya wake Beatrice Mtetwa anali pabwalo la ndege ndi chilamulo cha khoti choletsa zimenezo m'manja. Ndikukuuzani izi kuti musaganize kuti pepala la khoti ndi mankhwala osalephera, komanso kuti muone chifukwa chake ndikukufulumizitsani. Munthu akadutsa malire, kumubweza ndi ntchito ya zaka.

Koma pa mfundo yokhala chete, apongozi alakwitsa. Anthu onse ndatchulawa ankasungidwa dala, chifukwa cha ndale, boma likudziwa bwino lomwe chimene likuchita. Amuna anu palibe amene akulimbana nawo. Ndi dzina chabe pa mndandanda, ndipo dzina la pa mndandanda limene palibe akulifunsa ndilo limakhalitsa mkati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamulo lenilenilo likukupatsani inuyo mphamvu imeneyi: gawo 50 likuti ngati pali chifukwa chokhulupirira kuti munthu akusungidwa mosatsata lamulo, kapena sakudziwika kumene ali, munthu wina aliyense angapite ku khoti lalikulu kukapempha kuti abweretsedwe pamaso pa jaji kapena atulutsidwe. Aliyense. Simufunika kukhala ndi chitupa chabwino inuyo kuti mugogode pamenepo.

Mlandu wotchuka koposa pa nkhani zotsekera anthu popanda kuwazenga m'dziko lino unatsegulidwa ndi mkazi wa munthu. Stella Madzimbamuto anali namwino. Amuna ake, Daniel Madzimbamuto, anali m'manja mwa boma la Smith, ndipo iye anasumira nduna Desmond Lardner-Burke, n'kuukoka mlanduwo mpaka ku khoti la Privy Council ku London, kumene mu 1968 anagamula kuti kusungidwako kunalibe maziko m'malamulo. Boma la Smith linanyoza chigamulocho, Daniel anatuluka mu 1974. Wina anganene kuti mayiyo anavutikira chabe. Ine sinditero, chifukwa dzina la mwamuna wake silinathenso kusowa, ndipo mlanduwo ukuphunzitsidwabe m'sukulu za malamulo. Mwana wawo, Farai Madzimbamuto, anadzapambananso mlandu wake ku khoti la malamulo aakulu mu 2014, wotsimikiza kuti nzika mwa kubadwa siingatengedwe ngati mlendo muno ngakhale itanyamula pasipoti ya dziko lina. Ngati zili choncho kwa wonyamula pasipoti yakunja, nanga kwa amuna anu amene sanaione n'komwe?

Ine si loya, ndipo loya mukumufuna mawa lomwe, osati sabata yamawa. Musaope mtengo musanafunse. A Zimbabwe Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi mu Bulawayo, a Legal Resources Foundation chimodzimodzi, ndipo boma lili ndi nthambi yake yothandiza osauka pa milandu, Legal Aid Directorate. Bungwe la Zimbabwe Human Rights Commission nalonso limalandira madandaulo konkuno. Musanapite, gulani kope la ana asukulu mulembemo zonse: tsiku ndi ola limene anatengedwa, amene anaona, kumene mwayenda, amene munalankhula naye ndi chimene anayankha. Loya amagwira ntchito ndi masiku ndi maola, misozi yokha siimuthandiza. Kopelo lidzagwiranso ntchito mtsogolo, popeza lamulo limalola munthu wosungidwa mosayenera kupempha chipepeso.

Popita kupolisi musapite nokha, ndipo musapite mwaukali. Tengani mkulu wa mpingo kapena wa sosaite ya maliro, munthu wa imvi zake, wodziwa kupereka moni m'Chindebele n'kudikira yankho. Pemphani kuonana ndi mkulu wa pamalopo, osati kuthera pa woyamba amene mwamupeza pakhomo. Funsani modekha kuti mlandu ndi wotani, nambala yake ndi iti, wofufuza ndi yani, kukhoti apita liti. Mukamalemba mayankho m'kope iwo akuona, kayankhidwe kamasintha.

Ndinanyamulirapo mbale wanga chakudya kuchitokosi zaka zapitazo, kumalo ena amene sinditchula. Ndinaphika ngati wopita kuchikondwerero: nsima m'bakuli lachitsulo, nkhuku, supuni, botolo la tiyi. Pakauntala anandibweza ndi theka la katunduyo. Chitsulo ndi galasi sizilowa, supuni siilowa. Nsimayo anaiboolaboola ndi mpeni kuona ngati ndabisamo kanthu, kenako anandiuza kuti nditeme mbamu imodzi ndidye iwo akuona, ndimwenso tiyiyo. Ndinameza nsima yozizira ndili chiimire, anthu akundiyang'ana, manyazi atandigwira, kenako ndinamva mbale wanga akuyankha dzina lake kuseri kwa chitseko, mawu ake ali bwinobwino. Tsono inu tengani kontena ya pulasitiki, chakudya chosafuna supuni, madzi m'botolo la pulasitiki, ndi juzi yopanda zingwe, chifukwa simenti ya mu Bulawayo usiku siisewera. Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, tengani pamodzi ndi khadi la kuchipatala, munene pakauntala kuti zilembedwe m'buku. Muphike mbale ziwiri. Mnyamata uja alibe wina womuphikira mumzinda uno.

Akatuluka, musawalole kubwerera ku Donnington Lolemba lotsatira ngati palibe chachitika. Tsiku loyamba likhale la ku ofesi yolembetsa anthu, chikalata cha kubadwa m'manja, kukasintha chitupacho, ndipo muwatengenso apongozi ndi ana amene afika zaka 16. Mundilembere za tsiku la kukhoti mukangolidziwa.

Mkonzi